Kalata yochokera ku Tamil Nadu: za amisiri oumba zifaniziro za Vishnu

Achimwene okondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Popeza inu ndinu mmisiri wosema ziboliboli, ndaganiza zokufotokozerani ntchito ya amisiri a ku Swamimalai, pafupi ndi tawuni ya Kumbakonam kum'mwera kwa India, amene amapanga zifaniziro zamkuwa zomwe Ahindu amaika pa malo opempherera m'nyumba zawo.

Ahindu amakhulupirira kuti mulungu wawo Vishnu amatsikira pansi pano m'maonekedwe khumi dziko likasokonekera, ndipo chifaniziro chilichonse chimadziwika ndi thupi lake kapena chimene chanyamula. Matsya ndi nsomba, Kurma ndi kamba, Varaha ali ndi mutu wa nguluwe, pamene Narasimha ndi munthu wa mutu wa mkango. Parashurama amanyamula nkhwangwa, Rama uta, Krishna chitoliro, ndipo Kalki, yemwe amati sanabwere, amamuonetsa ndi kavalo. Mmisiri saloledwa kusintha zimenezi mwakufuna kwake, chifukwa miyeso ya nkhope, mikono ndi miyendo inalembedwa kale m'mabuku otchedwa Shilpa Shastra.

Chimene chingakusangalatseni kwambiri ndi kapangidwe kake. Inu mumachotsa mtengo mpaka nkhope itaonekera, koma iwowa amayamba ndi kuumba chifaniziro chonse ndi phula la njuchi losakaniza ndi utomoni, kenaka amachimata dongo losalala la m'mbali mwa mtsinje wa Kaveri. Dongolo likauma amaliwotcha kuti phula lisungunuke ndi kutuluka, ndipo m'malo amene latsala amathiramo mkuwa wosungunula. Pofuna kutulutsa chifanizirocho chikombole amachiswa, kotero kuti palibe ziwiri zofanana ndendende, ngakhale zitachokera m'manja mwa munthu mmodzi. Kupala ndi kusalaza kumatenga nthawi yaitali, ndipo maso amawamalizitsa pomaliza penipeni. Mabanja amenewa amati ndi zidzukulu za amisiri a mafumu a Chola, omwe anamanga kachisi wamkulu wa ku Thanjavur cha m'ma 1010.

Zifaniziro zambiri zotsika mtengo za m'masitolo zimachokera kumpoto, ku Moradabad ndi Aligarh, kumene amathira mkuwa wosakaniza ndi zinki m'zikombole zamchenga. Nzowala ngati golide, koma kwa ine nkhope zake zilibe moyo wa zija zaphula.

Chifaniziro chikafika pakhomo, eni ake sachiona ngati chokongoletsa. Amachisambitsa, kuchiyatsira nyale ndi lubani, ndi kuchiikira maluwa ndi masamba a tulasi, chomera chopatulika kwa Ahindu, m'mawa uliwonse. Mkuwa ukayamba kuda amautsuka ndi bwemba ndi mchere, bwemba yemweyu timamudziwa kwathu.

Mundiuzeko ngati mungafune zithunzi za zipangizo zawo zopalira, ndidzakutumizirani pa WhatsApp. Mupereke moni kwa onse kumudzi.

Ine bwenzi lanu.