Lipoti la msonkhano wa ku Lexington ndi za Buckman Tavern

A tcheya, a komiti ndi nonse pagulu pano, ndabwerako bwino ku msonkhano munandituma uja, zikomo kwambiri pondikhulupirira. Tinali aphunzitsi ndi anthu osamalira nyumba zakale, mmawa wonse zinali za ndalama zokonzera madenga ndi mmene tingakopere ana asukulu, zimenezo ndalemba papepala ndipereka kwa a sekilitale. Apa ndikufuna ndikuuzeni zomwe zandikhala mumtima.

Masana anatitengera ku Buckman Tavern, nyumba ya matabwa yomwe ili moyang'anana ndi bwalo la mudzi wa Lexington ku Massachusetts, m'dziko la America. Inamangidwa cha m'ma 1710 dera lija lidakali m'manja mwa Britain, ndipo inali malo ogona alendo komanso bala, aulendo opita ku Boston amapumirapo, amudzimo nawo amabwera kudzamwa nkumamva nkhani. Chipinda chomwera mowa chilipobe ndi malo ake osonkhapo moto aakulu zedi.

Ndiye usiku wa pa 18 Epulo 1775, mthenga Paul Revere anafika pa kavalo pakati pausiku kudzachenjeza John Hancock ndi Samuel Adams, atsogoleri a anthu otsutsa ulamuliro wa Britain, kuti asilikali a mfumu ya Britain anyamuka ku Boston, analipo pafupifupi 700 ndipo amapita ku Concord kukaononga zida. Amuna a m'mudzimo anasonkhana pabwalo ndi kaputeni wawo John Parker, koma adani aja osaoneka, kunja kukuzizira, basi ena anapita kumakomo ena analowa mu balamo kumawotha moto akudikira. Abale, awatu sanali asilikali enieni, ambiri anali alimi ndithu, ena bambo ndi mwana wake. Kutangoyamba kucha asilikali a mfumu aja anayandikira, ng'oma inalira, anatuluka nkuima pamzere anthu pafupifupi 77, mfuti zinalira ndipo amudzimo asanu ndi atatu anafa, khumi anavulala. Nkhondo yomenyera ufulu wa America inayambira pomwepo. Mpaka lero akatswiri amakanganabe kuti anayamba kuwombera ndani.

Chitseko chakale cha nyumbayo anachisunga ndipo chili ndi kabowo komwe amati nka chipolopolo cha tsiku limenelo, ndinaima pamenepo nthawi yaitali anzanga mpaka anandisiya, kabowo kakang'ono koma thupi linachita tsemwe.

Koma chandigwira kwambiri chili panja, mwala wokumbukira Prince Estabrook. Bamboyu anali munthu wakuda, kapolo wa banja la Estabrook, ndipo naye anaima pamzere uja mmawa umenewo nkuvulazidwa. Tangoganizani, munthu akukhetsa magazi chifukwa cha ufulu wa dziko pomwe iye mwini ndi katundu wa munthu wina. Atachira anabwereranso kunkhondo kangapo mpaka inatha mu 1783, nkukhala mfulu pambuyo pake, koma mwala wakewo unaikidwa mu 2008, patapita zaka zoposa 230. Mumsonkhano ndinaimika dzanja nkunena kuti ana athu akamaphunzira za Revere ndi Parker azimvanso dzina ili, osati mongodutsa ayi, ndipo ambiri anagwirizana nane.

Ku Munroe Tavern tinangodutsako mwachangu nthawi itatha, kumeneko nkomwe asilikali a Britain amasamalira ovulala awo madzulo a tsiku lomwelo pobwerera, George Washington anadzadyerako chakudya mu 1789.

Pempho langa ndi ili, tiwatengere ana ku Lexington pa nyengo ya Patriots' Day, tchuthi chokumbukira nkhondoyo chomwe chimakhala Lolemba lachitatu la mwezi wa Epulo, pomwe amachita sewero la nkhondoyo pabwalo lomwe lija. Vuto nlakuti limayamba mbandakucha ndipo anthu amadzadza, ndiye tifunika kunyamuka usiku ndi makolo okwanira operekeza. Ine ndadzipereka kukonza phunziro la Prince Estabrook tisanapite. A tcheya chonde muiike nkhaniyi pa ajenda ya Loweruka tikavote, ndidzabweretsa zithunzi ndi malisiti a ulendo.