Kalata kwa Limbani pa za TV yoonetsera mpira

Wokondedwa mwana wanga Limbani,

Kuno tonse tili bwino, ndipo amayi ako akupereka moni. Uthenga wako ndaumva, wakuti ndalama zakwana ndipo ukufuna kugula TV yaikulu ku Johannesburg kuti mng'ono wako atsegule malo oonetsera mpira kuno ku Ndirande. Ndakondwa kwambiri kuti wamukumbukira. Koma pa foni paja unkangondiwerengera manambala a pa katoni, mainchesi 65, 4K, ndi zina, osatchulako chimene anthu olipira pakhomo adzabwerere. Iwo adzabwera kudzaona mpira ukuthamanga. Ndiye ndati ndikulembere, poti zaka zonse zija ndinkakonza ma TV ku Limbe zinandiphunzitsa kanthu pa nkhaniyi.

Ukukumbuka TV yathu yamsana waukulu ija, imene tinagula TVM itangoyamba kuulutsa mu 1999? Inali yolemera, chithunzi chake chinali chaching'ono, koma mpira unkaoneka bwinobwino ngakhale wosewera ataumenya ndi mphamvu. Ma TV opyapyala atafika, aja anthu amangowatchula onse kuti pulazima, bambo wina anandibweretsera yake nthawi ya World Cup ya 2010. Anati yawonongeka, chifukwa kamera ikatembenuka udzu wa m'bwalo umasanduka phala, mpira n'kumera mchira. Ndinaitsegula, ndinayeza paliponse, sindinapeze chofa. Zinandipweteka kumubwezera munthu katundu wake ndilibe yankho, ndipo ndinakhala miyezi ndikufufuza mpaka ndinamvetsa kuti vutolo limabadwira pakati pa TV ndi diso la munthu.

Muli ana munkatenga chikuni chamoto usiku n'kumachizunguza, ndipo tonse tinkaona mkombero wofiira ngakhale khala linali limodzi. Diso silitaya kuwala nthawi yomweyo, limakusunga kaye pang'ono. Tsopano tembenuza nkhaniyo. Chikuni chikhale chili phee, koma diso lako ndi limene liyende modutsa. Mzere wofiira uja uuonabe. Izi ndi zimene zimachitika pa TV yopyapyala.

Pa TV palibe chimene chimayenda. Ndi zithunzi zoima zimene zimasinthana mofulumira, ndipo mpira wa pa dekoda umabwera zithunzi 50 pa sekondi. Diso lako likamatsatira mpira silidumphadumpha ngati zithunzizo, limangoyenda mosalekeza. TV ya LCD, womwe ndi mtundu wa ma TV opyapyala ambiri, imagwira chithunzi chilichonse chili chowala mpaka chinzake chifike, mamilisekondi 20 athunthu, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 50 a sekondi. Nthawi yonseyo mpira waima pamalo amodzi pomwe diso likupitirira ulendo, ndiye chithunzicho chimapakika m'diso ngati utoto wosauma. TV yathu yakale ija sinkatero. Kadontho kalikonse ka pagalasi kankawala kamphindi kochepa zedi n'kuzima, ndipo nthawi yotsalayo panali mdima umene ife sitinkauzindikira. Diso linkalandira chithunzi ngati mphezi, lisanasunthe n'komwe. N'chifukwa chake ma TV aja ankaphethira ukawayang'ana cham'mbali, koma kuphethira komweko ndi kumene kunkachititsa kuti mpira uoneke bwino.

Tiwerengere limodzi, poti iwe masamu unkawakonda. Chithunzi cha HD chili ndi timadontho 1,920 m'lifupi. Mpira ukadutsa sikirini yonse m'masekondi awiri, ndiye kuti ukuyenda timadontho 960 pa sekondi. Gawa ndi 50, upeza kuti pa chithunzi chilichonse diso limasuntha timadontho pafupifupi 19. Chimbuuzi chake ndi chachikulu choncho. Pa TV ya 4K timadontho n'tochuluka kawiri m'lifupi, koma chimbuuzicho chimatenga malo omwewo pagalasi, kotero 4K ija imakoma zinthu zikaima, zikayamba kuthamanga phindu lake limachepa. Ndipo TV ikakula, anthu a pa benchi yakutsogolo amachiona kwambiri.

Apa ndiye pamene ndikufuna usamale ndi ndalama zako. Pa katoni amalemba manambala aakulu monga Motion Rate 120 kapena TruMotion 120, koma kawirikawiri sikiriniyo payokha imakhala ya 60 Hz, kutanthauza kuti imasintha chithunzi ka 60 kokha pa sekondi, nambala inayo ndi yotsatsira malonda. Uwafunse kuti sikirini yeniyeniyo ndi ya ma Hz angati, ndipo akuonetse polembedwa. Ena adzakuuza kuti OLED, mtundu wina wa TV yopyapyala, ndiye mapeto a zonse. N'zoona kuti timadontho take timasintha mtundu mofulumira kwambiri, ndipo mchira wina umene LCD yotchipa imasiya sukhalapo. Koma nayonso imagwira chithunzi mpaka chinzake chifike, choncho chimbuuzi cha diso chija chimatsala. Pa ntchito ya mng'ono wakoyi, mtengo wake sindikuuona kuti ndi woyenera.

TV ya 100 kapena 120 Hz yeniyeni imathandiza, koma umvetse mmene imathandizira. Dekoda imatumizabe zithunzi 50 zokha. TV ndiyo imapeka zithunzi zina n'kuziika pakati, kuti chilichonse chikhale nthawi yochepa pagalasi, ndipo chimbuuzi chimatsika ndi theka. Samsung amazitcha Auto Motion Plus kapena Picture Clarity, LG amati TruMotion, Sony amati Motionflow. Kupekaku kukapitirira muyeso, mpira umatha kuoneka pawiri kapena kusowa kumene ukamadutsa pagulu la anthu oonerera, chifukwa ndi waung'ono ndipo TV imasokonezeka. Mng'ono wako adzaike pakatikati. Masiku oonetsa mafilimu adzazimitse, poti filimu imajambulidwa zithunzi 24 pa sekondi ndipo ukaiwonjezera zopeka imataya maonekedwe ake.

Njira ina ndi imene ine ndimaikonda, chifukwa ndi nzeru ya TV yathu yakale ija. Ma TV ena amazimitsa nyale yakumbuyo, imene imawalitsa sikirini, pakati pa chithunzi ndi chinzake, kuti diso lilandire kuwala kwakanthawi kenaka mdima. Pa Samsung amalemba kuti LED Clear Motion. Kuipa kwake, chithunzi chimada, ndipo anthu ena maso amawatopa ndi kuphethirako. Koma m'chipinda choonetsera mpira mumakhala mdima kale, mazenera otseka, ndiye kudako sikudzavuta kwenikweni. Ingosankha TV yowala mokwanira kuti ikachepetsa kuwala ikhalebe yooneka.

Ukapita kusitolo, udzapeza akuonetsa maluwa akuphuka pang'onopang'ono ndi mapiri oima. Pa zimenezo TV iliyonse imakongola. Uwapemphe mwaulemu kuti aike mpira, makamaka wochokera pa dekoda, chifukwa wina wa pa intaneti umabwera zithunzi 25 zokha ndipo ungakunamize. Uime pa mtunda umene benchi yoyamba idzakhale. Kamera ikamatembenuka, yesa kuwerenga nambala ya pamsana pa wosewera wothamanga ndi zolemba za m'mbali mwa bwalo. Kenaka tsatira mpira wautali ndi diso. Ganizira chigoli cha patali chija Gabadinho Mhango anagoletsa Morocco mu Januwale 2022 ku Cameroon. Munthu amene walipira ndalama yake ya ndiwo kuti aone chotero amafuna kuuona mpirawo kuchoka kuphazi mpaka kulowa muukonde. Uyese ma TV awiri kapena atatu pa masewero omwewo, ndipo ngati ya mainchesi 55 ikuonetsa mpira bwino kuposa ya 65, tenga ya 55, usachite manyazi.

Ndalama zotsalazo ugulire chotetezera magetsi chabwino, chifukwa magetsi akabwerera mwamphamvu atazima ndi pamene ma TV ambiri ankafera n'kubwera pa tebulo langa. Ukasankha, unditumizire nambala ya modelo usanalipire, ndidzaione kaye. Upereke moni kwa mpongozi wanga ndi adzukulu.

Ndine bambo ako.