Kalata kwa mdzukulu wanga: za mwana amene anakukankha uja

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Uli bwanji? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga. Amayi ako andiuza kuti tsopano ukuwerenga wekha, n'chifukwa chake kalatayi ndalembera iweyo. Mawu ena akakuvuta uwafunse, usachite manyazi.

Andiuzanso kuti m'kalasi mwanu muli mwana wina amene anzako amamusala pa nthawi yopuma, ndipo iwe unafunsa ngati uyenera kumukonda nayenso, pomwe si mnzako ndipo tsiku lina anakukankha. Ndasangalala kuti unafunsa. Funso lakolo linafunsidwapo kalekale ndi munthu wamkulu, katswiri wa malamulo a Mulungu, ndipo amene anafunsidwayo anali Yesu mwini. Nkhani yake ili pa Luka 10, kuyambira ndime 25.

Munthuyo ankadziwa lamulo loti uzikonda Mulungu ndi mtima wako wonse, ndiponso uzikonda mnansi wako monga umadzikondera wekha. Koma ankafuna kudziwa pamene chikondicho chimalekezera, kuti ena awasiye kunja. Ndiye anafunsa kuti mnansi wakeyo ndani. Yesu anamuyankha ndi fanizo.

Munthu wina ankatsika kuchokera ku Yerusalemu kupita ku Yeriko. Yerusalemu ali pamwamba pa mapiri, pomwe Yeriko ali m'chigwa chakuya pafupi ndi Nyanja Yakufa. Msewu wake unali wa makilomita pafupifupi 27, wotsetsereka mamita pafupifupi 1,000, wokhotakhota m'chipululu chamiyala momwe achifwamba ankabisala mosavuta. Anthu amene ankamvetsera Yesu ankaudziwa msewu umenewu ndipo ankauopa. Achifwamba anamugwira munthu uja, kumuvula, kumumenya, n'kumusiya ali thapsa, atatsala pang'ono kufa.

Kunabwera wansembe. Anamuona, koma analambalala. Kunabweranso Mlevi, mmodzi wa anthu otumikira m'Kachisi. Nayenso anamuona, n'kulambalala.

Apa ndikufuna uwerenge pang'onopang'ono, mwana wanga. Anthu awiriwa sanamenye munthu. Sanamubere kanthu, sanamutukwane. Akanafunsidwa madzulo ake, akanatha kunena moona kuti lero sitinalakwire aliyense. Komatu munthu uja anali akukhabe magazi pansi pomwepo. Zimandipweteka mtima ndikaganiza kuti mwina ankamva mapazi akuyandikira, n'kumati thandizo lija lafika, kenako n'kumva mapazi omwewo akupita kutali. Anzako akamaseka mwana uja iwe n'kungokhala phee, ukhoza kudzitonthoza kuti ine sindinaseke nawo. Ndi bwino ndithu kuti sunaseke. Koma iye adakali yekhabe.

Wachitatu anali Msamariya. Ayuda ndi Asamariya sankamwerana madzi. Ankakangana ngakhale za malo opembedzera: Ayuda ankati ku Yerusalemu, Asamariya ankati pa phiri la Gerizimu. Ukabwerera pang'ono pa Luka 9, upeza kuti mudzi wina wa Asamariya unakana kulandira Yesu, moti Yakobo ndi Yohane anakwiya mpaka kufuna kuitanitsa moto kumwamba kuti uwapsereze. Yesu anawadzudzula. Ndiye taona, m'mutu wotsatira womwewo, munthu wabwino wa m'fanizo lake anamutenga ku mtundu umene unamukana uja!

Msamariyayo atamuona wovulala uja anagwidwa chifundo. Anamuyandikira, nathira mafuta ndi vinyo pa mabala ake, popeza amenewo ndiwo anali mankhwala a pa ulendo masiku amenewo, n'kuwamanga. Anamukweza pa chiweto chake, mwiniwake n'kumayenda pansi. Anapita naye ku nyumba ya alendo ndi kumusamalira usiku umenewo. M'mawa mwake anapatsa mwini nyumba ndalama ziwiri zasiliva. Ndalama imodzi yoteroyo inali malipiro a munthu wogwira ntchito tsiku lathunthu, choncho sizinali zochepa. Analonjezanso kuti zikaperewera adzalipira pobwerera.

Atatha fanizolo, Yesu anabweza funso kwa katswiri uja, koma analitembenuza. Anafunsa kuti mwa atatuwa, ndani anakhala mnansi wa wovulala uja? Katswiriyo anayankha kuti ndi amene anamuchitira chifundo, ndipo Yesu anamuuza kuti apite azikachita chimodzimodzi. Munthuyo anabwera kudzasanthula anthu ena kuti aone oyenera kukondedwa, koma anabwerera kwawo atapatsidwa ntchito yoti achite yekha. Yankho la funso lako lili pomwepo. Usayambe ndi kuweruza ngati mwana uja ali woyenera. Ona ngati akusowa munthu, ndipo ngati akusowa, ukhale munthu ameneyo.

Mwina uziti, agogo, ine ndilibe chiweto, ndilibe ndalama zasiliva. Zoona. Koma uli ndi malo pambali pako poti munthu angakhalepo. Uli ndi pensulo yoti ungabwereke wina. Ukhoza kumuitana ndi dzina lake lenileni anzako akamamutchula maina achipongwe, ndipo posankhana pa masewera ukhoza kumusankha asanatsale yekha.

Lamulo lokonda mnansi lija linalembedwa koyamba pa Levitiko 19 ndime 18. M'mutu womwewo, pa ndime 14, muli lamulo limene ndimalikonda kwambiri: usatemberere wogontha, ndipo usaike chopunthwitsa patsogolo pa wakhungu, koma uziopa Mulungu wako. Taganiza, wogontha sangamve kuti wamutemberera, wakhungu sangaone amene wamuikira mwala. Palibe amene angakugwire. Mulungu akufuna uzikhala wabwino ngakhale pamenepo. Choncho zimene umanena za mwana uja iye palibe, ndi zimene umachita aphunzitsi akatuluka m'kalasi, nazonso ndi mbali ya chikondi chimenechi.

Ndikuchenjezenso zinthu ziwiri. Kukonda munthu sikutanthauza kumulola kuti azikumenya. Akakukankhanso, usabwezere, koma umuuze kuti asiye, ndipo ukauze aphunzitsi kapena amayi ako. Kumeneko si kumuda ayi, n'kumuthandiza kuti asazolowere nkhanza. Komanso iwe udakali wamng'ono: ukaona munthu wovulala panjira, kapena munthu wachilendo akakuitana kuti ukamuthandize kwina, usapite wekha. Thamanga ukaitane wamkulu amene umamudziwa.

Anzako ena mwina adzakuseka tsiku loyamba, ndipo mwana ujanso mwina sadzakuthokoza. Mwana amene wasalidwa nthawi yaitali amachedwa kukhulupirira kuti wina akumufunira zabwino. Usafooke. Mtima ukakana, uuze Yesu popemphera usiku kuti zikukuvuta, umutchule mwanayo dzina, ndipo m'mawa ukayesenso. Inenso ndizikupemphererani nonse awiri.

Undiyankhe ndi dzanja lako lomwe, ngakhale mizere itatu yokha. Ndikufuna kudziwa masewera amene mwana ameneyu amakonda, ndiye uyenera kukamufunsa. Upereke moni kwa amayi ako ndi abambo ako.

Ndine agogo ako okukonda.