Kwa Mavuto, mmisiri wa chitseko chosatha

Paris, Lamlungu usiku

Mavuto mnzanga,

Kalata yako yandipeza Lachinayi. Ndaiwerenga katatu, ndipo katatu konseko sindinaonemo mawu akuti chitseko. Wandiuza za mbuzi za a Nachisale, za chinkhoswe cha Tiyamike, za mtengo wa feteleza, koma za chitseko cha amayi chimene ndinakulipiriratu ndisanakwere ndege, zii. Miyezi 14, aise! Amayi akutsekerabe ndi mtondo usiku.

Ndiye tamvera nkhani iyi, mwina manyazi n'kukugwira.

Chipinda choyandikana ndi changa mumakhala gogo wina amene amaphunzitsa ana kuimba chelo. Chelo n'chiyani? Ganiza kaligo amene wanenepa mpaka kufika m'chifuwa mwa munthu, zingwe zinayi, woimba amakhala pampando n'kuchiika pakati pa miyendo, uta kudzanja lamanja. Akaimba wodziwa, mtima umakhala m'malo. Akaimba ana a gogoyu, ukhoza kuganiza kuti akupha nkhumba ndi mpeni wobuntha. Dzulo ndinapita kukadandaula. Ndinabwerako patatha maola awiri, m'mimba muli tiyi, dandaulo langa ndisanalitchule n'komwe.

Pakhoma pake pali chithunzi cha chelo chosaoneka bwino, cha ngodyangodya ngati bokosi. Ndinaseka, iye sanaseke. Akuti chinali cha Maurice Maréchal, wobadwira ku Dijon, mzinda wa muno mu France, mu 1892, amene anapambana mphoto yoyamba ku Conservatoire, sukulu yaikulu ya nyimbo ya muno mu Paris, mu 1911, asanakwanitse zaka 20. Mnyamata zake zikuyamba kuyenda, nkhondo ya 1914 inagwa. Anamutenga. Ankapalasa njinga kupititsa mauthenga, ankanyamulanso ovulala pa machira. Manja amene anaphunzira zingwe zaka zonsezo, n'kumatola anthu oduka miyendo m'matope.

Tsono apa ndi pamene ndikukufuna iweyo. Mu 1915, chaka chomwe chija kwathu a Chilembwe anadzuka, asilikali anzake awiri, Neyen ndi Plicque, akalipentala ngati iwe, anatenga matabwa a bokosi la zipolopolo n'kumupangira chelo. Kunkhondo, Mavuto. Analibe shedi ya malata ngati yako, analibe makina opalira, analibe mnyamata womutuma misomali. Mizinga ikulira, iwo akupala thabwa. Ndipo chinalira! Anachitcha Le Poilu, dzina limene ankatchula asilikali a ku France, tanthauzo lake wacheya, ena amati poti m'ngalande zankhondo munalibe nthawi yometa. Maréchal ankachiimba pa mapemphero ndi pamaso pa akuluakulu a nkhondo, limodzi ndi Lucien Durosoir ndi André Caplet, oimba anzake amene nawonso anali m'yunifolomu. Akazembe a nkhondo monga Foch, Pétain ndi Mangin anasaina mayina awo pathabwapo. Lero chimasungidwa ku Musée de la musique, nyumba yosungiramo zoimbira zakale muno mu Paris.

Iwe chako ndani adzasaine? Mwina chiswe. Ndikuganiza kuti ndikadzabwera ndidzapeza matabwa aja atamera masamba, tidzathyole mango pachitseko cha amayi. Kapena nawe ukudikira nkhondo kuti manja achangamuke? Ngati ndi choncho ndiuze, ndimutume Chifundo abwere ndi legeni azikulasa uli pantchito.

Koma nditasiya kuseka, gogo uja anandiuza kuti akalipentala awiriwo sanabwerere kwawo. Onse anafera konko. Usiku ndinalephera kugona. Ndimaganiza za anthu awiri amene mwina ankapanga matebulo ndi mawindo m'midzi mwawo, ndipo chimene chatsala cha manja awo ndi bokosi la zipolopolo loimba nyimbo. Ndinakumbukira agogo ako aamuna ndi nkhani zawo za amtengatenga, ndi chipilala chija cha ku Zomba chimene tinkangochidutsa osawerenga mayina. Kuno dzuwa likulowa 5 koloko isanakwane, ndipo maganizo otere amabwera osagogoda.

Iye Maréchal anapulumuka, n'kutchuka. Mu 1922 ndi amene anayamba kuimba pagulu sonata, nyimbo ya vayolini ndi chelo imene anapeka Ravel, limodzi ndi Hélène Jourdan-Morhange. Mu 1930 anali ku Boston kuimba koyamba pagulu konsato, nyimbo ya chelo ndi gulu la oimba imene anapeka Honegger. Anayenda maiko. Izi gogo ankazinena mothamanga ngati akuwerenga risiti. Pamene anachedwapo ndi pa dzanja. Dzanja lamanja, logwira uta lija, linayamba kufooka ndi matenda, mpaka anasiya kuimba pagulu. Zipolopolo zinamuphonya zaka zinayi, koma thupi lake lomwe n'limene linamulanda ntchito. Chinatsala ndi kuphunzitsa: ku Conservatoire komwe anaphunzira kuja, kuyambira 1942 mpaka 1963. Anamwalira chaka chotsatira, 1964.

Ine ndikuona kuti uphunzitsiwo ndi umene unali wolimba kuposa za ku Boston. Kukhala pampando tsiku ndi tsiku, kumamvera mwana wa eni akulakwitsa nyimbo imene iwe unkaiimba utatsinzina, iwe osatha kulanda uta n'kumuonetsa bwinobwino. Ine sindikanatha. Ana a gogoyu ndawamvera miyezi itatu yokha, koma ndayamba kale kufunsa mitengo ya zipinda zina. Paja a Gondwe anasiya kutiphunzitsa kwaya chifukwa cha mawu ako okha.

Za ine palibe chachilendo. Mayeso ndinakhoza, adzatipatsa mapepala mwezi wamawa. Chondivuta ndi ufa. Umene ndinagula kusitolo ya anthu a ku West Africa ukuphika nsima yoterera ngati phala la mwana, ndipo mthiko umene unandisemera uja wathyoka. Inde, wathyoka, mmisiri wamkulu. Sindikunena zambiri. Nsapato nazo zikulowa madzi.

Tiyamike umuuze kuti mphatso ibwera, asandinene. Amayi usawauze zoti ndikutsokomola. Ndipo ukapita kukayeza chitseko chija, poti ndikudziwa kuti muyeso woyamba unautaya, uonenso zenera la kuchipinda kwanga, chifukwa mvula ikayamba mabuku anga aja... Ayambanso kuseriku, kamwana ka Lamlungu, kamene kamabwereza mzere umodzi kakhumi. Pepala nalo latha, ndipo ndimafuna ndikufunse za

Ndine,
Limbani