Masamba a gwafa aja ndatumiza

Achemwali,

Muli bwanji ku Johannesburg kumeneko? Kuno ku Chitakale tilipo, kungoti chiperoni chavuta. Phiri la Mulanje silikuoneka n'komwe, ndipo khomo lililonse pali wina amene akutsokomola.

Masamba a gwafa munapempha aja ndaumitsa pamthunzi, ndapatsira alamu anu amene akubwera pa basi. Ndathyola nsonga zokhazokha, zanthete zofiirira zija, monga ankachitira agogo. Muzitapa odzaza dzanja limodzi, kuwatsuka, n'kuwiritsa mpaka madzi aoneke ngati tiyi wopanda mkaka. Mukaphula finyiranimo ndimu, ndi uchi ngati ulipo, chifukwa paokha amawawa. Muzimwa akadali otentha, makamaka pokagona. Magwafa enieniwo mukawapeza idyaninso, ali ndi vitamini C wambiri kuposa malalanje.

Koma achemwali, mawu anu aja oti masambawa amapha kachilombo ka chimfine andisowetsa mtendere. Chimfine chimabwera ndi vayirasi, ndipo thupi ndi lomwe limalimbana nako mpaka kuthana nako, kawirikawiri pakatha sabata imodzi kapena masiku 10. Madzi otenthawo amafewetsa pakhosi, mphuno zimatseguka, munthu n'kupezako tulo. Limenelo ndi thandizo lenileni, ine ndimamwetsa ana anga chaka ndi chaka. Kungoti mphamvu yake imathera pomwepo. Ngakhale amoxicillin amene anthu amagula m'magolosale uja sachita kanthu pa vayirasi.

Mu Januwale 2021, Covid-19 itatenga nduna ziwiri tsiku limodzi, tonse kuno tinali pansi pa bulangeti kufukiza bulugamu, masamba a mango ndi a gwafa. Ambiri anapezadi bwino. Koma amene anayamba kubanika n'kumafukizabe kunyumba, ena anafika kuchipatala mochedwa, ndipo zimandiwawabe mtima.

Ndiye chifuwa chikapitirira masabata awiri mukayezetse TB. Mukamabanika kapena thupi likatentha osasiya, musadikire kuche. Kamwana kanu kaja kakatsegula m'mimba, musathamangire gwafa ngati kale. Choyamba ndi madzi amchere ndi shuga aja, kuno timati Thanzi, ndipo kaziyamwabe. Katemera wa rotavirus, amene kuno anayamba mu 2012, kanalandira kumeneko? Uchi musakapatse mpaka katakwanitsa chaka.

M'thumbamo ndaikamonso tiyi wa kuno ndi nandolo wouma. Mundiuze zikafika. Moni kwa bambo a kunyumba.

Ine mnzanu wa ku Chitakale