Kodi ndikamunene kupolisi mwana wanga?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wamasiye, ndimakhala kufupi ndi msika wa fodya wa Chinkhoma kuno ku Kasungu, ndipo ndimagulitsa tiyi ndi mandasi m'mbali mwa msewu wa M1. Chandilembetsa kalatayi ndi mwana wanga wachisamba, mnyamata wa zaka 19. Sukulu adalekezera Folomu 2, ndiye malume ake adamupezera njinga yamoto kuti azichita kabaza.

Poyamba ankabwera ndi ya ndiwo, nthawi zina ndi kapaketi ka shuga. Zidasintha msika wa fodya utatsegulidwa. Nyengo imeneyi ndalama imayenda kuno, alimi akalandira zawo amakwera kabaza tsiku lonse, ndipo mabala sagona. Iye ndi anzake adayamba kumwa midoli, timabotolo tija tapulasitiki totchipa koma toledzeretsa msanga. Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma ine ndimaona ngati adangosintha chotengera, mowa wake ndi womwewo. Lamulo limakaniza kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18, komatu m'gulu lawolo muli tianyamata tina timene m'mawa timandidutsa titavala yunifolomu ya ku pulayimale.

Madzulo amayamba aunjikana kokaonera kanema. Mafilimu ake ndi omenyana okhaokha, omasuliridwa m'Chichewa, ndipo sipika yake imamveka mpaka pamene ndimakazingira mandasi. Wina akamathyoledwa khosi, womasulira amachemerera, ana m'katimo n'kufa nazo kuseka. Akatuluka mmenemo aliyense ali ndi dzina la chigawenga cha mufilimu, ndipo wangayu akaitanidwa ndi dzina limene tidamupatsa ndi malemu bambo ake sayankhanso. Nyimbo za mufoni mwake nazo n'zodzitama ndi zikwanje. Sindikunena kuti kanema payekha amamenyetsa munthu, pakuti nafenso tili atsikana tinkaonera za karate, osapweteka aliyense. Koma mwana akaonera zimenezi tsiku ndi tsiku kenako n'kuthirapo midoli, zimene waona amafuna akaziyese pa munthu weniweni.

Loweruka lina usiku adafika malaya ali magazi okhaokha, chikhatho chitang'ambika. Adati wagwa panjinga, koma njingayo idalibe ngakhale pokalika. Pomutsuka balalo ndidazulamo kachidutswa kobiriwira ka botolo. M'mawa mwake makasitomala anga ankakamba za tenanti wa pa esiteti ina amene adamenyedwa ndi botolo m'mutu akuchokera kolandira ndalama, n'kumulanda ndalamazo ndi foni, ndipo adamutengera kuchipatala ku boma ali chikomokere. Patapita masiku, ndikutapa chimanga choti ndipite nacho kuchigayo, ndidapeza foni yachilendo itakwiriridwa m'thumbamo. Nditamufunsa adangondiyang'ana ndi maso ofiira, amvekere, "Mayi, izi n'za amuna, zisiyeni."

Azakhali, kuyambira tsikulo tulo sindikutiona. Anthu kuno atopa. Akunena poyera kuti akadzagwira mmodzi wa anyamatawa sadzavutika n'kupita naye kupolisi, adzathana naye okha, ndipo mukudziwa zimene gulu limachita likakwiya. Njinga ikangolira usiku ndimadzuka, kuganiza kuti abwera kudzandiuza zoipa.

Malume ake, amene ndiwo eni mbumba, akuti timutumize kumudzi ku Chamama akalime mpaka nkhaniyi izizire, fonijo tiiponye m'chimbudzi. Amayi anzanga a kumpingo akuti ndisale kudya ndi kupemphera, ndipo ndikupempheradi. Koma bambo adavulazidwayo ali ndi mkazi ndi ana, ndipo ndalama adamulandazo adazivutikira chaka chathunthu, kuyambira ku nazale mpaka kuchigafa. Ndikabisa, ndiye kuti nanenso ndamumenya nawo. Komanso ku Chamama midoli iliko, akanema aliko.

Mtima wina ukuti ndikamupereke ndekha, bola ndizikamuona kundende ali moyo. Wina ukuti akakalowa kumeneko adzatuluka woipiratu, ndipo sadzandikhululukira, abale nawonso adzati ndagulitsa mwana wanga. Kodi ndikapita kupolisi ndi foniyi, ineyo sandimanga poti ndaisunga m'nyumba? Nanga kodi alipo malo kuno kwathu kumene angathandize mnyamata kusiya mowa asanaphe munthu? Ali ndi mng'ono wake wa zaka 12 amene wayamba kale kuyenda ngati iye ndi kumutchula dzina la mufilimu lija.

Ndithandizeni, nditani?

Mayi wodandaula,
Chinkhoma, Kasungu