Pomanga ziliza chaka chino tikumbukirenso ali pamphasa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi anzanga akuno ku Kasungu pomwe Juni walowa ndipo mwera wayamba kubaya mmafupamu. Ine mwezi uno sundidutsa bwino, ndi mwezi omwe mayi anga anatisiya ndi khansa ya khomo la chiberekero. Kuchipatala anatiuza mosabisa kuti yafalikira sangachirenso, ndiye tinabwerera nawo kumudzi.

Usiku wa Juni umatalika abale. Tinkayatsa mbaula mchipinda zenera lili lotsekula pang'ono kuopa utsi wamakala, mayi ali pamphasa ndi bulangete limodzi lomwe masana timachapa, likapanda kuuma basi kuwafunditsa zitenje. Sankalira mokweza ayi, ankangoluma nsonga ya chitenje kuti zidzukulu zisamve. Amene anatitula mtolo ndi mayi wina volontiya oyendera odwalira kunyumba, amabwera pa njinga yakapalasa matayala ake zigamba zokhazokha. Ndi iyeyu anatiuza kuti kuli mofini wamadzi wakumwa, mankhwala ochepetsa ululu waukulu, nkutiperekeza kwa anesi, komanso kutiphunzitsa kuwatembenuza pafupipafupi kuti asachite zilonda kumsana ndi mmatako. Tsiku lomwe anayamba kumwa mankhwalawo mayi anagona mpaka tambala woyamba, mmawa nkupempha phala lothira nsinjiro. Anakhalabe nafe masabata angapo akucheza, mpaka kugawa okha mbuzi zawo kuti uyu atenge iyi uyu iyo, ndipo pamaliro panalibe okangana.

Msuweni wanga amene amasamalira okalamba ku England anandifotokozera zomwe amachita kumeneko. Kwawo kumazizira mu Disembala, ndiye nyumba zosamalira odwala matenda osachiritsika zomwe amazitcha hospice zimapempha anthu kupereka kangachepe mdzina la m'bale wawo amene anamwalira, nkuyatsa nyale pamtengo pomukumbukira. Ntchito ya ma hospice amakono anaikhazikitsa mayi Cicely Saunders potsegula St Christopher's ku London mu 1967, ndipo mpaka pano nyumba zambiri zotere zimadalira kwambiri zopereka za anthu. Kuno kwathu tili nayo Ndi Moyo ku Salima yomwe anayambitsa mayi Lucy Finch, kulinso Tiyanjane ku Queens ku Blantyre, akugwira ntchito yotamandika koma kwa munthu wa kwa Chulu kapena kwa Santhe ndi kutali, odwala athu ambiri amathera pamphasa kunyumba mmanja mwa ana awo ndi mavolontiya osalandira kanthu.

Tsono taonani, ifeyo nyengo yozizira ndi yomwenso timagwirako kandalama, fodya akugulitsidwa ku Chinkhoma, soya ndi mtedza zatuluka, ndipo ndi nthawi yomwe mabanja ambiri amamanga ziliza ndi kuchita sadaka. Simenti, matailosi, mbuzi, thobwa, nsalu yofanana mudzi onse. Sindikunyoza ayi, inenso chiliza cha mayi ndinamanga ndipo mtima unakhala pansi. Koma tsiku lovundukula chilizacho tikudya nyama, nyumba yachitatu kuchokera pathu munali bambo wina akubuula opanda chofunda chenicheni, ndinazimva mochedwa ndipo zimandiwawabe.

Pempho langa kwa abusa, ansembe, mashehe ndi mafumu ndi loti tisankhe tsiku limodzi mu Julayi tikumane madzulo, banja lililonse liyatse kandulo, dzina la amene anatisiya liwerengedwe mokweza, kenako libweretse chomwe lingathe mdzina lake. Bulangete, sopo, magolovesi, matewera a akuluakulu, ufa wa phala, kapena ndalama ya thumba limodzi la simenti lomwe likanapita kumanda. Ndalamayo igule matayala a njinga za mavolontiya ndi kulipira kabaza wa gadiyani okatenga mofini kuchipatala, chifukwa botolo likatha pakati pa mwezi mthumba mulibe kanthu ululu umabwerera onse. Komiti ilembe mkope zonse zalowa ndi zatuluka nkumawerenga pagulu, tikudziwana ndi nkhani zandalama.

Ine sindinadikire komiti. Sabata yathayi nditagulitsa belo yoyamba ndagula mabulangete awiri nkukapereka kwa mayi wa njinga uja, ndinawauza kuti akafika kwa odwala anene kuti achokera kwa mayi anga.

Ine wanu,
Mlimi wa fodya, Kasungu